Bambo Akufunsa Ngati Uli Bwino

Sabata imeneyo Madamu ankaphunzitsa ana a fomu 2 kanenedwe ka funso la mwini m'Chingerezi, kutanthauza kuti wina wafunsa, iwe n'kukauza anthu zimene wafunsazo. Phunziro limeneli ankalidziwa kuposa mphunzitsi aliyense pasukulupo, osati chifukwa cha mabuku ayi, koma chifukwa kunyumba kwawo ntchito yake inali yomweyo. Kusiyana kwake kunali kwakuti kunyumbako kunalibe holide, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe womuuza kuti zikomo.

Analemba pabolodi kuti, "Are you coming?" Pansi pake analembanso kuti, "He asked if I was coming."

"Maso onse kuno," anatero akugogoda bolodi ndi choko. "Pamwambapa munthu akufunsa yekha ndi pakamwa pake: kodi ukubwera? Pansipa mwini funso palibe. Wina akungotiuza kuti uje anafunsa ngati ndikubwera. Mwaona zimene zachitika? Chizindikiro cha funso chachoka, mawu asinthana malo, nthawi yabwerera m'mbuyo. Funso likanyamulidwa ndi munthu wina limafika litafatsa."

Mtsikana wina wa kumbuyo, wotchuka ndi pakamwa, anaimika mkono. "Madamu, nanga mwini wakeyo bwanji osangopita kukafunsa yekha?"

Kalasi yonse inaseka chikhakhali. Madamu sanaseke. Choko chinathyokera m'dzanja lake. "Tsegulani mabuku, muyankhe mafunso onse ali patsambalo," anatero, n'kukakhala pampando wake. Mwanayo sanalakwe kanthu. Kungoti funso limenelo ndi lomwe Madamu ankalakalaka atalikuwa m'makutu mwa anthu awiri a kwawo.

Anthu awiriwo anali bambo ake ndi mlongo wake wamng'ono. Onse anali akalipentala, ndipo onse mitu yawo inali youma kuposa matabwa amene ankapala. Nkhani yawo inayambira pamaliro a mayi. Tsiku limenelo bambowo manja ankangonjenjemera, choncho bokosi anakhoma ndi mwana wawoyo, yekhayekha, misozi ikudonthera pamatabwa. Atamaliza, bambo aja anafika, n'kuyendetsa chala pakona imodzi, ndipo pamaso pa anthu onse anafunsa kuti, "Wakhoma ichi ndani?"

Ankadziwa bwinobwino. Anamuona ndi maso awo akukhoma. Koma anatenga hamala, kuzula misomali ya mbali yonse, n'kukhomanso okha, anthu atazolika ndi manyazi. Nayenso mnyamatayo anazolika. Anadikira kuti mayi ake aikidwe, kenako analongedza zida zake n'kukatsegula shedi yake kutsidya lina la tauni, kuseri kwa depoti ya mabasi. Kuyambira pamenepo bambo ndi mwana sanalankhulanenso. Koma musaganize kuti anatayana. Akanatayana bwenzi Madamu atapuma. Iwo anangopeza wowanyamulira mawu.

Loweruka lililonse, tsiku limene akazi anzake amachapa, kulukitsa tsitsi kapena kungogona miyendo ili m'mwamba, Madamu ankakwera basi, kutsika, kukweranso ina, atasenza mafunso a bambo ake. Ndipo mafunso ake anali mafunso! "Kodi chitsiru chija chikudya, kapena chikumeza utuchi?" Munthu wanzeru angakafikitse mawu otere momwe alili? Madamu ankawachapa m'basi momwemo, kuwasita, n'kukawapereka atapindidwa bwino: "Bambo akufunsa ngati uli bwino."

"Muwauze kuti tili bwino," mlongo wakeyo ankayankha osadzutsa mutu. Nthawi zina ankawonjezera kuti, "Mkulu uja akadazunzabe matabwa?" Zimenezonso Madamu ankachapa pobwerera: "Mwana wanu amafunsa ngati ntchito ikuyenda." Mumtima mwake ankati tsiku lina mawu ofatsawa adzafewetsa mmodzi wa iwo. Zaka zinapita. Mlongoyo anakwatira, kubereka ana, kumera ndevu, wofewa osaoneka.

Kenako mawu a bambo aja anayamba kusasa. Poyamba ankati ndi fumbi la matabwa, kenako ankati ndi chimfine, mpaka Madamu anachita kuwakokera kuchipatala ngati mbuzi yokana chingwe. Dokotala sanabise. Anati pakholingo pali chotupa, ndipo kuti munthuyo apulumuke, kholingolo liyenera kuchotsedwa lonse. Adzadya, adzayenda, ngakhale matabwa adzapala, koma mawu awo sadzamvekanso. Opareshoni anaiika Lolemba, pakatha masabata awiri.

Lachisanu ataweruka, mtima ukadali pafunso la mwana wasukulu uja, Madamu anawapeza bambo ake m'shedi kuseri kwa nyumba, akunola macheka ngati munthu wopanda nkhani.

"Bambo, mawa tipitire limodzi kwa mwana wanu."

"Ine?" Mawuwo anatuluka ngati thabwa lokokedwa pasimenti. "Ine ndikwere basi kupita kwa mwana? Anabereka mnzake ndani?"

"Ndiye ndimuimbire foni, mulankhule naye."

"Ine sindilankhula ndi kabokosi."

"Chabwino. Ndikamuuze chiyani?"

Bambowo anaika chonolera pansi. Anakhala kanthawi akuyang'ana mano a macheka aja, ndipo Madamu anaganiza kuti lero lokha mwina munthuyu anena chinthu chonga cha munthu. Kenako bambowo anakweza chala.

"Ukamufunse kuti, kodi chitsiru iwe unaphunzira kukhoma kona yosalowa mphepo, kapena ukadabisabe manyazi ako ndi utuchi ndi guluu?"

"Bambo!" Madamu anawomba m'manja kamodzi. "Mawu anu atsala a kumapeto kwa sabata ino basi. Ndiye mukufuna muwathere pa guluu?"

"Mawuwo ndi anga. Ndiwathera pomwe ndafuna."

Anatolanso chonolera chija. Madamu anatuluka mwaukali, ndipo chitseko cha shedi chinalipira mlandu wa eni ake. Anthu ena akamva kuti mawu awo akutha amaitana ana awo, kuwalangiza, kupepesa pomwe analakwa. Bambo ake ankafuna kudziwa za guluu.

M'mawa mwake anakwera basi monga mwa masiku onse, ndipo pofika padepoti funso lija linali litayera. Shedi ya mlongo wake inali yodzaza ndi makama osamalizidwa, makabati opanda zitseko ndi fungo la vanishi. Mwini wake anali atawerama akupala thabwa, pensulo ili pakhutu lakumanja ndendende momwe bambo ake amaikira. Za opareshoni anali atamuuza kale sabata yathayo, ndipo iye anangoti, "Muwauze kuti tamva."

"Bambo akufunsa ngati ungapeze mpata wodzawaona asanagonekedwe kuchipatala," anatero Madamu atakhala pabenchi.

Mlongoyo anapala thabwa lija pang'ono, kenako analeka. Anachotsa pensulo pakhutu n'kumaitembenuza m'manja.

"Achemwali, tasiyani zimenezo."

"Ndisiye chiyani?"

"Bambo sanafunse zimenezo. Inu mukudziwa, inenso ndikudziwa. Ine ndinakulira m'shedi mwawo. Munthu uja chibadwire sanafunsepo mnzake ngati ali bwino. Nditadzimenya chala ndi hamala ndili mwana, anandifunsa ngati hamalayo sinathyoke. Ndiye inu Loweruka lililonse muzibwera ndi mawu onunkhira sopo, akufunsa ngati uli bwino, akufunsa ngati ana akukula. Mawu amenewo ndi anu, achemwali. Mumawapeka m'basi chifukwa chondimvera chisoni, ndipo ine ndimangoyankha kuti musakhumudwe. Zoona zake n'zakuti mkulu uja anandikwirira limodzi ndi mayi. Sanditchula n'komwe. Ndiye ndikatani kumeneko? Ndikaime pakhomo ngati wogulitsa makala?"

Madamu anapsa mtima. Zaka zonsezi! Nsapato zimene zinathera m'njira imeneyi, mvula imene inamunyowetsa padepoti, maukwati a anzake amene anajomba, mitu imene inamuwawa posakasaka mawu aulemu oti alowe m'malo mwa chitsiru. Ndiye kuti munthuyu ankamuona akutsika basi, thukuta lili kamukamu, n'kumati mumtima mwake, wabweranso wabodza uja? N'kumamuyankha mwaulemu ngati mwana amene akumunyengerera kuti asalire?

"Sakutchula?" anatero akuimirira. "Iwe, sakutchula? Amakutchula podzuka, amakutchula masana, amakutchula ndi pakudya pomwe mpaka ine chakudya kundikanika kumeza! Ukufuna mawu awo osachapa eti? Imirira bwino, ndikupatse."

Anaponya chikwama pabenchi. Anapinda msana pang'ono, kukweza chala, n'kusasitsa mawu mpaka anafanana ndi a mkulu uja.

"'Kodi chitsiru chija chikudya, kapena chikumeza utuchi?' Ameneyo ndiye uli bwino wako uja! 'Mkazi wake sanamuthawebe?' Ameneyo ndiye moni wa alamu! 'Ana akewo akuwaphunzitsa kugwira hamala, kapena akulera alesi anzake?' 'Denga la shedi yake silikudontha? Pajatu anakhoma yekha.' 'Nyengo yozizirayi chitsiru chija chili ndi juzi, kapena chikufunda makatoni?' Ukufunanso ena? Ndili nawo odzaza matumba!"

Amayi ogulitsa zipatso pafupi ndi shediyo anasiya malonda awo n'kumasuzumira. Madamu, munthu amene ana asukulu ankathawa akangomva nsapato zake, analibe nazo ntchito.

"Ndipo dzulo, mawu awo atatsala pang'ono kutheratu, ndawafunsa kuti ndikamuuze chiyani mwana wanu. Ukudziwa zimene anena? 'Kodi chitsiru iwe unaphunzira kukhoma kona yosalowa mphepo, kapena ukadabisabe manyazi ako ndi utuchi ndi guluu?' Ndi zimenezo! Wamva tsopano? Wasangalala?"

Mlongoyo anali atayasama, pensulo itagwera muutuchi.

"Anati guluu?"

"Utuchi ndi guluu."

"Ine? Ine kubisa kona ndi utuchi?" Maso ake anali atafiira. "Anationa liti tikukhoma ife? Anafikapo kuno? Ine anthu amachokera kutali kudzafuna mipando yanga, iwo ali pakhomo n'kumati guluu?"

Madamu ankangomuyang'ana, manja ali m'chiuno. Mawu aulemu a zaka zonse zija sanamusunthe ndi pang'ono pomwe, koma chipongwe chimodzi ichi chinamufika pamtima ngati kuti bambo ake alowa m'shedimo n'kumugwira paphewa. Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kunena kuti mwalowa fumbi. Kenako anayang'ana uku ndi uku, n'kutola mpando wina watsopano, wosapaka vanishi, umene mwini wake amayenera kudzautenga madzulo omwewo.

"Tiyeni," anatero.

M'basi anaukhazika pamiyendo pake ulendo wonse. Miyendo ya mpandowo inkakola anthu zovala, kondakitala ankadandaula, iye osapepesa. Madamu anakhala pawindo atamufulatira. Sanamulankhule ndi kamodzi komwe, chifukwa akanatsegula pakamwa basi yonse ikanamva mbiri ya banja lawo.

Bambo aja anawapeza pakhonde, akumwa tiyi wozizira pang'onopang'ono chifukwa wotentha ankawapweteka pakhosi. Ataona amene akulowa pageti, kapu inaima m'malere. Anali ataonda, kolala ya shati ikulendewera, ndipo mwana wawo wamwamuna ataona zimenezo anaphonya sitepe. Koma moni panalibe. Anafika n'kuika mpando uja patsogolo pawo, gu! Kenako anabwerera m'mbuyo n'kupinda manja pachifuwa.

Bambowo anaika kapu pansi. Anadzuka, kuuzungulira mpandowo, kuutembenuza miyendo m'mwamba. Anayendetsa chala pakona iliyonse, mosafulumira. Anaukweza kuloza kudzuwa n'kutsinzina diso limodzi, kufuna kuona ngati kuwala kungadutse polumikizira. Anapalapo ndi chikhadabo, kununkhiza, kuuzirapo mpweya. Madamu ankadziwa kuti bambo akewo akangofunsa komwe kuli hamala, basi zatha, ndipo sipadzakhalanso Loweruka lina lokonzera zinthu.

"Wakhoma uwu ndani?" anafunsa ndi mawu awo osasa aja.

Funso lake linali lomwe lija la pamaliro. Koma ulendo uno mlongoyo sanazolike.

"Ndine."

Bambowo anauimika mpando uja bwinobwino. Anakhalapo. Anadzigwedeza uku ndi uku, kutsamira kumbuyo ndi mphamvu zawo zonse, koma mpandowo sunalire. Anakhala choncho kanthawi, manja ali pamawondo, akuyang'ana pansi. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo wamkazi.

"Iwe, umuuze kuti..."

"Ayi!" Madamu anawadula mawu, chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire. "Ayi, bambo. Munthuyo ndi uyu waima apayu. Makutu ali nawo awiri, ndipo amamva bwino, makamaka zachipongwe. Ine ntchito imeneyi ndasiya lero. Ngati muli ndi mawu, muuzeni nokha pomwe mawuwo akadalipo."

Analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko. Kukhitchini anayamba kutsuka mapoto amene anali oyera kale, akuwagundanitsa mwadala kuti asamve kalikonse. Akafuna aphane, aphane. Akafuna aziyang'anana mpaka Lolemba ngati atambala, aziyang'anana. Koma madzi atasiya kutuluka pampopi anamva mawu pakhonde, ena osasa, ena okwera. Ankakangana. Wina ankati miyendo yakumbuyo yatalika, wina ankati maso a anthu ena ndi amene akalamba. Mkanganowo unachoka pamiyendo kupita pamtundu wa matabwa, kuchoka pamatabwa kupita pakanoledwe ka macheka, ndipo kenako anamva chitseko cha shedi chikutseguka. Anadzitsekera m'menemo mpaka dzuwa linapendeka. Madamu anakhala pampando wa kukhitchini, thaulo lili m'manja, n'kulira mwaukali, akutukwana chamumtima akalipentala onse a padziko lapansi.

Lolemba opareshoni inayenda bwino. Madzulo ake anawalola kulowa kukawaona. Bambo aja anali gone, pakhosi atakulungidwa mabandeji, maso okha akuyendayenda. Anayang'ana mwana wamkazi, kuyang'ana wamwamuna, kenako anakweza chala n'kuloza kabati ya pambali pa bedi, imene chitseko chake chinali chopendekeka. Anapukusa mutu monyansidwa. Milomo inagwedera, koma sipanatuluke kanthu, ngakhale kamphepo.

Atatuluka anakhala pabenchi m'khonde la chipatalamo, anthu akudutsa ndi mabeseni ndi mafulasiki. Madamu anali asanamukhululukire mlongo wake, ndipo sankafuna kuti aiwale zimenezo. Koma chinthu chimodzi chinkamudya.

"M'shedi muja anakuuza chiyani?"

"Zambiri. Za matabwa."

"Usandipusitse. Tsiku lonse lija za matabwa zokhazokha?"

Mlongoyo anakanda ndevu. "Chakumapeto anandifunsa ngati ndingadzathe kuwathandiza pa nthawi ya..."

"Iwe!" Madamu anamumenya pabondo. "Ukundichapira ine? Ine mwini wake wa sopo? Nena momwe ananenera."

Mlongoyo anayang'ana uku ndi uku. Kenako anapinda msana pang'ono, kukweza chala, n'kusasitsa mawu.

"'Chitsiru iwe, bokosi langa udzakhoma ndiwe, kapena ndikapemphe anthu a mumsewu?'"

Madamu anagwira pakamwa. "Ndiye iwe unati chiyani?"

"Ndinati, mudzazulanso misomali pamaso pa anthu?"

"Iwo?"

Chala chija chinakweranso. "'Ndidzazula bwanji ndili m'kati?'"

Kuseka kunawaphulikira onse awiri nthawi imodzi, kuseka kosayenera m'chipatala, mpaka namwino wina anasuzumira pakhomo n'kuwayang'ana moopseza. Madamu anabisa nkhope m'mpango, mapewa akugwedezeka. Anthu awiriwa anamudyera zaka zake, n'kudzamaliza nkhani yonse ndi mafunso atatu achipongwe, iye kulibe. Ankafuna kuwakalipira onse awiri mpaka mawu ake omwe atasasa.

Koma kuseka kutatha anatembenukira kuchitseko cha wodi, kumene bambo ake anagona chete, ndipo anazindikira kuti mawu aja, okhadzula ndi osasa aja, amene iye anakhala zaka akuwabisa m'basi, tsopano atsala pakamwa pa ana awiri okha. Anagwira mkono wa mlongo wake.

"Tanenanso," anatero.